Kampeni ka m'thumba

Ndangotsika minibasi, m'thumba muli mpeni wopinda watsopano. Wogulitsa uja anandiyalira mipeni yambirimbiri, ina yonyezimira yokhala ndi sizasi, chotsegulira mabotolo, mpaka katochi. Ndinaitsegula umodziumodzi, ndipo yambiri inkagwedera pamene imapindikira paja. Mpeni wogwedera ndi umene umadzakutsekera chala uli mkati mosenda nzimbe. Ndiye ndatenga Okapi wamba, wa chigwiriro chamtengo, uja ali ndi kamphete kokoka ukafuna kuutseka.

Anzanga ena ayamba kale kundiseka kuti ndagula mpeni wa atsotsi. Zoona, ku Joni mbiri yake inaipa. Koma Okapi anayamba kupangidwa ku Germany mu 1902, ndipo kuyambira 1988 amapangidwa ku South Africa konko, alimi ndi abusa a ng'ombe akudulira zingwe ndi kusendera chinangwa mwamtendere. Chitsulo chake ndi carbon steel. Chimachita dzimbiri ukachisiya ndi madzi a mango, inde, koma kuchinola pamwala ndi kamphindi chabe. Stainless yotchipa ija dzimbiri sichita, koma ikabuntha mumanola mpaka thukuta. Wangawu ukamaliza ntchito ungopukuta, kupaka kadontho ka mafuta ophikira, basi.

Achimwene a ku UK, musandiitanitse ayi. Kwanuko mpeni wokhoma ukautsegula ngati uwu saloleza kuyenda nawo popanda chifukwa chomveka. Umene mungayende nawo momasuka ndi wopinda wosakhoma, wa chitsulo chodulira chosapitirira mainchesi 3.