Nyali ya giyabokosi itayaka ndinathamangira kugula sensa

Mwezi uno m'maphunziro athu a umakaniko tili pa giyabokosi ya otomatiki, ndipo sabata yatha aphunzitsi anatipatsa galimoto yodwaladi, osati zojambula pa bolodi. Mwini wake anangoti nyali yayaka ndipo galimoto ikukana kusintha magiya. Ndikulemba zisanandichoke m'mutu, makamaka chifukwa tsikulo ndinachita manyazi pamaso pa anzanga.

Chimene ndinkachitcha nyali ya giyabokosi si chinthu chimodzi. Pa magalimoto ena pamatuluka kachithunzi ka giya kokhala ndi mfuwuliro pakati. Pa Honda zambiri chilembo cha D chimaphethira. Pa Toyota zakale imaphethira ndi nyali ya O/D OFF, pomwe Subaru ili ndi yake yolembedwa AT OIL TEMP. Ena alibe nyali yapadera, imangoyaka ya injini ija, munthu n'kumasuzumira ku injini vuto lili kumbuyo kwake. Yathuyi inali ya mtundu umenewu, ndipo inkayenda motsimphina: kompyuta ikaona kuti zinthu sizili bwino imatsekera giyabokosi m'giya imodzi, kawirikawiri yachiwiri kapena yachitatu, kuti isapitirire kudzivulaza. Galimoto imanyamuka molemera, ikathamanga injini n'kumalira. Dalaivala amaganiza kuti giyabokosi yafa, chonsecho ikungodziteteza.

Tinalumikiza sikana, chipangizo chowerengera mavuto amene kompyuta ya galimoto yasunga, pa soketi ya OBD-II, ya mapini 16, imene imakhala pansi pa chiwongolero. Ku America soketi imeneyi inakhala lamulo pa magalimoto ang'onoang'ono kuyambira mu 1996, n'chifukwa chake sikana imodzi imalowa pa mitundu yambiri. Sikanayo inatulutsa khodi (nambala ya vuto) ya P0700. Ine ndinasangalala ngati ndapeza matenda, koma khodi imeneyi sinena chawonongeka. Imangotanthauza kuti kompyuta ya giyabokosi, TCM, yapempha ya injini kuti iyatse nyali. Nkhani yeniyeni imakhala yasungidwa mu TCM momwemo, ndipo masikana ambiri otchipa safikako. Titatenga sikana yaikulu, inatipatsa P0720, imene imaloza dera la sensa yoyeza liwiro la shafuti yotuluka m'giyabokosi.

Apa m'pamene ndinapupuluma. Ndinanena mokweza kuti tigule sensa yatsopano basi. Aphunzitsi sanatsutse, anangofunsa kuti, "Sensayo mwaiyeza?" Ndinangoti kakasi.

Anatiuza titsegule live data, pamene sikana imaonetsa zimene masensa akuwerenga nthawi yomweyo, galimoto tiikweze matayala azizungulira. Liwiro la shafuti yolowa linkawerengeka bwinobwino, koma la yotuluka linkabwera n'kugwa pa 0, n'kubweranso. Mnzanga atagwedeza mtolo wa mawaya pafupi ndi giyabokosi, nambala inadumpha. Titazula pulagi tinapeza mapini achita dzimbiri lobiriwira, ndipo chapafupi waya umodzi unali utakhulika pa chitsulo mpaka mkuwa kuoneka. Sensa inalibe mlandu. Ndikanagula yatsopano, nyali ikanayakanso, ndipo sindikukayika kuti ndikanayamba kuda kampani yopanga masensa.

Usiku womwewo ndikulemba manotsi ndinaona kuti khodi ndi kodi zimangosiyana chilembo chimodzi, ndipo ndinaseka ndekha. P0720 inali kundifunsa kuti kodi ndi sensa, waya, pulagi kapena kompyuta, ine n'kuimva ngati chigamulo. Zimenezi n'chimodzimodzi ndi P0715 ya sensa ya shafuti yolowa, kapena P0750 ya solenoyidi (valavu ya magetsi) yosinthira magiya. Kompyuta ilibe maso, imangodziwa kuti uthenga womwe imayembekezera sunafike bwino.

Komabe aphunzitsi anatidzudzula tonse, chifukwa tinathamangira sikana tisanaone oyilo. Oyilo wa giyabokosi, ATF, sikuti amangofewetsa zitsulo ayi. Ndiye amanyamula mphamvu ya injini mu torque converter, chipangizo cholumikiza injini ndi giyabokosi, ndiye amakankha makilatchi kuti giya igwire, ndiyenso amaziziritsa zonse. Akachepa, pampu imayamwa mpweya, mphamvu yokankhira imatsika, makilatchi amaterereka n'kutentha. Akachuluka kwambiri amachita thovu, mapeto ake n'kufanana. Kuyeza kwake kuli ndi mwambo: pa magalimoto ambiri injini ikhale ikulira, yatentha, galimoto itaima pamalo osapendekeka, mwadutsitsa ndodo ya giya m'malo onse n'kuibwezera pa P. Koma Honda zambiri zimafuna muzimitse injini kaye, ndipo magalimoto ambiri atsopano alibe n'komwe ndodo yoyezera, mumachita kumasula bawuti ya m'mbali kapena ya pansi oyilo atafika pa kutentha kumene buku lanena. Ndinkaona ngati kutsegula buku la galimoto n'kuonetsa umbuli. Panopa ndimalitsegula poyamba.

Chimene chandikomera kwambiri n'kuphunzira kuwerenga oyiloyo. Tinadonthezera pa pepala loyera mitundu ingapo imene aphunzitsi amasunga m'timabotolo. Wabwino amakhala wofiira woonekera mkati. Wokalamba amadera, koma zimenezo pazokha si tsoka. Wakuda wonunkha zopserera amatanthauza kuti makilatchi apsa, ndipo fungo lake ukalimva kamodzi suliiwala. Woopsa kwambiri ndi wooneka ngati wathiridwa mkaka. Pamenepo madzi a rediyeta alowa, chifukwa pa magalimoto ambiri kachipangizo koziziritsira ATF kamakhala m'kati mwa rediyeta, ndipo kakabooka ziwirizi zimasakanikirana. Madziwo amamatula zomatira za makilatchi. Tizitsulo tosalala ngati phala pa maginito a m'pani ya oyilo ya pansi pa giyabokosi si tachilendo ayi, koma tikakhala tizidutswa togwirika ndi zala ndiye kuti mkatimo mwasweka kanthu. Mtundu wa oyilo nawonso si wongosankha: Dexron ya General Motors, Mercon ya Ford ndi WS ya Toyota zili ndi miyezo yosiyana, ndipo giyabokosi ya CVT, yopanda magiya owerengeka, imafuna wakewake.

Batire tinaliyeza mwachidule. Lathanzi limaonetsa mavoti pafupifupi 12.6 injini itazima, ndi cha m'ma 14 ikulira. Magetsi akachepa kompyuta imatulutsa makhodi osamveka mutu wake, ndiye ndi bwino kuchotsa chikayiko chimenechi msanga. Lathu linali bwino.

Pali chizolowezi china chimene ndasiya. Kale mnzanga akandiitana kuti nyali yayaka, ndinkafufuta khodi kapena kuchotsa waya wa batire, nyali n'kuzima, iye n'kundithokoza. Sindinkadziwa kuti ndikutaya freeze frame, yomwe imasunga liwiro, kutentha ndi mmene injini inkazungulirira pa nthawi imene vuto linachitika. Vuto lobwera injini itazizira silifanana ndi lobwera mutakwera chitunda ndi katundu wolemera, ndipo umboni wake umakhala m'menemo.

Pa galimoto yathu tinatsuka mapini, tinalumikiza waya n'kuukulunga bwino, ndipo mtolo wonse tinaumangira patali ndi chitsulo chija. Titalemba zonse m'kope ndi pamene tinafufuta makhodi. Kenako tinaiyendetsa mpaka itatentha, ine nditakhala kumbuyo sikana ili pamiyendo, ndikuwerenga mokweza giya ikamachoka pa 1 kupita pa 2, pa 3, mpaka pa 4. Sabata ino tikuyamba P0730, yonena kuti liwiro lolowa ndi lotuluka sizikugwirizana ndi giya imene kompyuta yasankha, ndipo aphunzitsi atiuza kuti tibwere titawerenga kale kayezedwe ka mphamvu ya oyilo ndi geji.