Ulendo wathu wa ku Yaremche, kwa Yarema

Tinanyamuka ku Ivano-Frankivsk, mzinda wa ku Ukraine, kupita ku tauni ya Yaremche Loweruka m'mamawa tili anthu 14, ambiri ophunzira udokotala ochokera ku Zambia ndi ku Malawi. Munali mu Okutobala 2021, nkhondo yaikulu ya Russia ndi Ukraine isanabuke. Minibasi ya kumeneko amaitcha marshrutka, ndipo kathithikanidwe kake n'komwe kaja ka kwathu, kungoti mulibe kondakitala wokuwa pawindo. Mtunda ndi wa makilomita pafupifupi 60 kulowera ku mapiri a Carpathian, koma tinachedwa ndi ola lathunthu podikira msungichuma wathu amene anagonereza ndalama za gulu zili m'thumba mwake.

Amene anatilandira anali mayi wina wachikulire, mphunzitsi wopuma ntchito, wa mtundu wa Ahutsul, anthu a m'mapiri amenewa. Chiyukireniya chawo chimatisokoneza ngakhale ife amene tinali titakhala m'dzikomo zaka zitatu, moti ena mwa ife ankangogwedeza mutu mwaulemu.

Nditawafunsa tanthauzo la dzina la tauniyi, anaseka. Akuti silitanthauza phiri kapena mtsinje, ndi dzina la munthu. Malowa anayamba kutchulidwa m'mabuku mu 1787, ndipo mbiri yomwe eni ake amasimba ndi yakuti munthu wina, Yarema Hodovanets, anadzamanga nyumba m'mphepete mwa mtsinje wa Prut, anthu n'kumati "kwa Yarema". Apa m'pamene ndinamva ngati ndili kumudzi. Kwathunso munthu akalambula tchire n'kukhazikika, dzina lake limasanduka la mudzi, adzukulu n'kumalitchula osamudziwa mwini wake.

Kwa zaka zoposa 100 kanali kamudzi chabe, kophimbika ndi mudzi wa Dora womwe unali pafupi. Chinasintha zinthu ndi njanji imene inafika mu 1894, nthawi ya ulamuliro wa Austria-Hungary. Anthu olemera a ku Lviv ndi Kraków anayamba kubwera kudzapuma mphepo ya m'mapiri, ena kudzachira chifuwa, ndipo nyumba zogona alendo zinamera ngati bowa. Lero Dora yemweyo ndi gawo la Yaremche. Mwana anameza kholo.

Mayiwo anatiwerengera maboma amene banja lawo lakhala pansi pake osasamuka ngakhale phazi limodzi: Austria mpaka 1918, kenako Poland, Soviet Union kuyambira 1939, Ajeremani pankhondo yachiwiri, Asovieti kachiwiri, ndiye Ukraine mu 1991. Dzina nalo ankalipotoza. Apolishi ankalemba Jaremcze, pa mapepala a boma linakhala Yaremcha mpaka 2006, kenako linakhala Yaremche. Malowa anakwezedwa kukhala mzinda mu 1963.

Chiwerengero cha anthu ndicho chinatikanganitsa. Okhala m'tauniyi ndi pafupifupi 8,000 basi, koma mnzathu wa ku Chipata anakana kwamtuwagalu poona chinamtindi cha anthu pa mathithi a Probiy. Anali alendo okhaokha. Mathithiwo ndi aafupi, mamita 8 okha, ndipo kunena zoona munthu amene anaona Mosi-oa-Tunya sangatengeke nawo. Chimene chinanditenga mtima ine ndi msika wa pambali pake: mabulangete aubweya wa nkhosa, zosema, malaya opeta, ndi lipenga lamtengo lotchedwa trembita, lalitali kuposa munthu. Wapampando wathu analiyesa, likungotulutsa mpweya.

Masana anatipatsa banosh. Ndi ufa wa chimanga wophikidwa m'mafuta a mkaka wowawasa, pamwamba n'kuwaza tchizi cha nkhosa chotchedwa brynza ndi tinyama tankhumba tokazinga. Titaona ufa wachikasu uja tinayang'anana. Mnyamata wina wa ku Dedza anasamba m'manja n'kuponya supuni pambali, koma chinthucho n'chofewa, sichitemeka ngati nsima, ndipo chinamutentha zala mayi aja akufa ndi phwete. Anafunsa kuti kwathu timathiramo chiyani. Titawauza kuti madzi okha, ngakhale mchere ayi, anatiyang'ana mwachisoni n'kutiwonjezera brynza.

Ku miyala ya Dovbush, komwe amati kunkabisala Oleksa Dovbush, chigawenga cholanda olemera chimene chinaphedwa mu 1745, tinafikako anthu asanu ndi mmodzi okha. Enawo banosh inawakhalitsa pansi, ndipo tinawapeza pa siteshoni akuwodzera, sitima ya madzulo itatsala mphindi khumi.