Geni ku Mbare: ndalama zokaodera mawa zikhale pambali lero

Abale athu ambiri ochita geni ku Harare kuno makasitomala ali nawo ndithu. Pomwe amagwera ndi pa tsiku lokaoda, akapeza kuti ndalama zomwe zili m'thumba sizikukwananso katundu yemwe anagula sabata yatha.

Mtengo wogulitsira uzichokera pa mtengo womwe mukaodere ulendo wamawa, osati womwe munaodera dzana. Tiyerekeze kuti kreti ya matimati mwaitenga pa $10 ku Mbare Musika, msika waukulu wa mu Harare. Onjezanipo ya kombi (minibasi), ya mnyamata wa ngolo, ya majumbo, ndipo muchotseretu matimati a pansi pa kreti omwe amafika ataphwanyika. Mukatero mpamene muziunjika milu. Ambiri amaunjika poonera mnzawo wa pambali, osadziwa kuti iyeyo anaoda pa mtengo wanji.

Nkhani ya ndalama ziwiri, madola a ku America ndi ZiG yomwe ndi ndalama ya dziko la Zimbabwe, ndiye yofunika kusamala kwambiri. ZiG inayamba mu Epulo 2024, ndipo pofika kumapeto kwa Seputembala chaka chomwecho inatsitsidwa mphamvu ndi maperesenti oposa 40 tsiku limodzi. Wosunga mpamba wonse mu ZiG anadzuka katundu atamuthawa. Choncho ZiG ikalowa musagone nayo: gulirani magetsi, lipirirani zing'onozing'ono, kapena kaoderenitu tsiku lomwelo. Mpamba wosunga ukhale m'madola.

Madzulo aliwonse gawani zomwe mwapeza patatu: zokaodera, za lendi ndi mayendedwe, kenako zanu. Zotumiza kumudzi, kaya ndi za feteleza kaya za maliro, zizichokera pa gawo lachitatuli kapena ku chipereganyu. Kukana m'bale n'kowawa, inde, koma mpamba ukadyedwa ndiye kuti mwezi wamawa simutumiza kanthu.

Kalendala nayo muziiyang'ana. Sukulu zikamatsegulira mu Januwale, Meyi ndi Seputembala, makolo ndalama zimathera ku fizi, ndiye si nthawi yodzaza tebulo ndi zitenje. Mvula ikayamba mu Novembala zamasamba zimaola msanga, odani pang'onopang'ono ngakhale zitanthauze kulawirira ku Mbare m'bandakucha kawirikawiri. Wogulitsa nkhuku kapena nsomba za mufiriji adziwiretu kokasungitsa katunduyo magetsi akazima tsiku lonse.

Ndipo katundu yense asagone malo amodzi. Moto womwe unapsereza msika wa Mbare mu Okutobala 2024 unasiya ogulitsa ambiri alibe n'poyambira pomwe. Wokwanira masiku awiri kapena atatu akhale pamsika, wotsalayo kunyumba.