Tsiku lonse pa benchi chifukwa cha pepala limodzi

Kachitsulo kotulutsa radiation (cheza choopsa chosaoneka ndi maso) kamene kanali mu lole ya zitsulo zakale takapeza, mtima wakhala pansi, koma ofesi yosunga zida zoyezera sindinaikhululukire.

Makina ozindikira radiation a pachipata cha malo ogula zitsulo zakale analira pamene lole ina inkalowa. Survey meter yathu, kachipangizo ka m'manja koyezera radiation, inkangosonyeza kuti radiation ilipo, koma pa mulu wa zitsulo ngati umenewo singakulozereni pomwe ili. Apa m'pamene pamafunika kamera ya gamma, yomwe imajambula malowo n'kupaka mtundu pamene cheza chikuchokera.

Ndinalawirira kukaitenga. Mkulu wa mu ofesimo akuti, "Pepani bambo, pepala la calibration, lotsimikizira kuti kamera ikuyeza molondola, linatha, latsopano lili mu kabati ya abwana." Abwanawo ali kuti? Ku msonkhano. Kamera ndikuiona ndi maso angawa, ili phee m'bokosi mwake, ine pa benchi mpaka dzuwa kupendeka. Uku lole tayitchingira ndi chingwe, dalaivala akundiimbira mosalekeza. Anzanga, funsani za pepalali musananyamuke.

Mawa lake ntchito yeniyeniyo sinatenge ngakhale ola limodzi. Chachikulu n'chakuti mujambule kuchokera mbali ziwiri. Kamera imakuuzani kolowera, siinena kuti chinthucho chili patali bwanji. Chithunzi choyamba chinaloza pa chitseko cha lole, pamene kanthuko kanali mkati mwenimweni mwa mulu. Titasuntha n'kujambulanso chammbali, pokumana mizere iwiriyo m'pomwe kanali.

Ndayiwala, musanayandikire loleyo yambani mwayeza background, cheza chachilengedwe cha pamalopo, chapatali. Simenti ndi dothi zili ndi potassium-40, imatulukira pa 1461 keV (keV ndi muyezo wa mphamvu ya cheza), musachite nayo mantha.

Pa spectrum yathu, galafu yosonyeza mphamvu za cheza, nsonga inaima pa 662 keV, kutanthauza cesium-137, yomwe imakhala m'mageji, zida zoyezera za m'mafakitale. Mphamvu yake imatsika ndi theka pakatha zaka pafupifupi 30, ndiye musaganize kuti poti geji ndi yadzimbiri basi inazilala. Ikanakhala cobalt-60 tikanaona nsonga ziwiri, 1173 ndi 1332. Kamera yathu ndi ya mtundu wotchedwa Compton, imachita bwino pa mphamvu zokwera ngati zimenezi.

Poyamba chithunzi chinali mbwee, mtundu paliponse, chifukwa cheza chimagunda zitsulo n'kumwazikana. Titauza kamera kuti iwerenge za pafupi ndi 662 zokha, kadontho kanaonekera bwinobwino. Ndipo musathamangire kuyandikira kuti chithunzi chibwere msanga. Mukawirikiza mtunda kawiri, cheza chokufikani chimatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Ikani kamera pa miyendo yake, bwererani m'mbuyo, dikirani.

Mbali ziwiri, ndabwerezanso, chifukwa tikanakhulupirira chithunzi choyamba chija tikanayamba kufukula kolakwika.

Tinadziwitsa a boma oyang'anira za radiation, gejiyo inanyamulidwa ndi mbano zazitali n'kuikidwa mu chotengera cha mtovu. Pobweza kamera ndinapeza pepala lija lamatidwa pa bokosi, ndipo deti lake linasonyeza kuti linasainidwa sabata ziwiri zapitazo.