Mmene ndimakonzera sangweji za ana popita ku sukulu

Ntchito yambiri ine ndimaimaliza madzulo, mmawa kumangokhala kuphatikiza basi. Tikamaliza kuphika nsima makala amakhala akadali ndi moto pa mbaula, nde mmalo moti apse pachabe ndimatereka kapoto nkuwiritsa mazira, mphindi 10 kuchokera pomwe madzi ayamba kubwata kuti alimbe mpaka mkati, chifukwa dzira lofewa pakati si lopatsa mwana amene akalidya patapita maola. Akapsa ndimawaviika mmadzi ozizira kuti asadzavute kusenda, kenako mu fuliji ndi makoko awo omwe. Botolo la madzi akumwa nalo limagona mu fuliza, koma osalidzaza mpaka kukamwa, madzi akaundana limatha kung'aluka.

Mmawa cha mma 5 koloko ana akamasamba ndi pomwe ndimayamba. Buledi wogula dzulo ndi amene ndimakonda, wa lero wofewa uja amang'ambika ukamapaka. Choyamba ndi majarini, ife timagula Blue Band, ndipo ndimapaka masilayisi onse awiri mpaka mmphepete. Sikuti ndi zokometsera zokha ayi, mafutawo amatchinga kuti madzi a zoikamo zija asalowe mu buledi, apo ayi ikamakwana nthawi ya buleki sangweji imakhala yanyowa yonse ndipo mwana akangoitsegula anzake akuona amangotseka bokosi osadya.

Mazira aja ndimasenda nkuwanyenya ndi foloko, kamchere pang'ono, mayonezi kasupuni kamodzi ngati alipo, ngati mwezi wafika poipa majarini yemweyo amagwira ntchito. Dzira limodzi limakwana mwana mmodzi. Tomato ndimachotsa kaye njere ndi madzi ake nkumuika pakatikati asakhudze buledi. Anyezi ndinasiya, wamng'onoyu amatola kamodzikamodzi nkumataya.

Masiku ambiri kunena zoona ndi chiponde, chotchipa komanso mwana amakhuta mpaka kuweruka. Ndimaduliramo nthochi mozungulira, yakupsa koma yolimba, yofewetsa imada nkuphwanyika. Pa chiponde pokha amayi anzanga tisamalepo. Mtedza wosungidwa ponyowa umagwira chuku ndipo chuku chimenechi ndi poizoni, chimaononga chiwindi, kukazinga sikuchichotsa. Nde ngati mukusinja nokha sankhani mtedza bwinobwino, wonyala, wakuda ndi wowawa uja tayani, ngati mukugula onani chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards pa botolo. China, afunseni aphunzitsi ngati mkalasimo muli mwana amene thupi lake limadana ndi mtedza, ana amagawana zakudya ngakhale muwaletse bwanji, ndipo ena amatupa nkumabanika akangolawa.

Nyengo ya mapeyala ikafika nde timapuma, peyala limodzi ana onse. Kulinyenya, mchere, nkufinyiramo ndimu madontho angapo kuti lisade msanga. Nkhuku ikatsala madzulo ndimainyotsola tizidutswa ting'onoting'ono, kufufuza mafupa ndi zala osati ndi maso okha. Poloni ana amaikonda kwambiri koma ine ndimaipereka mwa apo ndi apo, mchere umachuluka, ndipo magetsi akazima usiku wonse sindiyerekeza nkomwe kuiika, tsiku limenelo ndi la chiponde basi.

Kudula ndimadula mopingasa kuti zikhale za makona atatu, musandifunse chifukwa chake koma zodula choncho zimatha, zamphumphu zimabwerera kkkk. Kenako mu lanchibokosi, botolo loundana lija pambali pake mchikwama kuti zizizizira, makamaka mu Okutobala kukamatentha. Botololo likulungeni ndi kansalu chifukwa likamasungunuka limanyowetsa makope. Za mazira ndi nkhuku ndimawauza kuti adye pa buleki yoyamba, za chiponde zitha kudikira.

Akaweruka bokosi ndimatsegula ndekha ndisanatsuke kuti ndione chatsala ndi chani. Wamkuluyu amasiya makoko a mmphepete, ndinakana kumamudulira chifukwa buledi wake mtengo umenewu sindingamataye, nde atsalawo amadya ndi tiyi wa madzulo.