Sabata yanga ndi piyano ya ku Ngabu

Lolemba ndinadzuka 4 koloko m'bandakucha monga mwa masiku onse, poti kuno ku Nchalo mwezi wa Okutobala ukadikira kuti dzuwa lituluke basi zala zimangoterereka ndi thukuta pa makiyi. Anthu amaona mphindi zisanu zija woimba piyano wakhala kutsogolo atatchena, sadziwa kuti kuseri kuli maola atatu anayi tsiku ndi tsiku, masikelo (kukwera ndi kutsika do re mi pa makiyi), dzanja lamanzere palokha, lamanja palokha, kenako onse pamodzi pang'onopang'ono. Ine ndinayamba ndili ndi zaka 9, Grade 8 ya ABRSM, bungwe la mayeso a nyimbo la ku Britain, ndinakhoza ndili wamkulu kale, koma masikelo sindinawasiyepo.

Loweruka lake tinali ndi konsati pa parishi ina cha ku Ngabu, kwaya iimbe Hallelujah ya Handel ine ndikuyiimbira piyano, kenako ndiimbe ndekha Nocturne ya Chopin ija ya E flat, Op. 9 No. 2. Nde Lachiwiri ndinapita kukaiona piyano yakeyo. Abale inu, mtima unandiwawa. Makoswe anadya nsalu ya pa tinyundo tija timamenya mawaya, madzi a Freddy mu 2023 sanaifike koma chinyontho chinalowa m'matabwa moti makiyi asanu ndi awiri ukadina osabwereranso. Piyano ili ndi makiyi 88 ndi mawaya oposa 200, ndipo mawaya onsewo pamodzi amakoka ndi mphamvu ya matani pafupifupi 18, nde thabwa likamafufuma dzinja n'kudzauma chilimwe chathu chino mawu onse amasokonekera. Kuno kuchigwa piyano imavutika kuposa ya ku Zomba kapena ku Dedza, ndikunenetsa.

Wochuna anatsika Thabwa Lachitatu kuchokera ku Blantyre pa minibasi, tinatha tsiku lonse iye akupotokola mawaya ine ndikudina. Noti ya A, imene amayambira pochuna, sanaifikitse pa mulingo wake wa masiku onse wa 440, anaisiya m'munsi pang'ono kuopa kuti mawaya adzimbiri aduka, ndipo ndinagwirizana naye. Lachinayi kwaya, iwo amawerenga sol-fa ine staff (manoti a pa mizere isanu aja), koma tinamvana, masoprano mpaka kusangalala kuti mawu apamwamba aja apepukako.

Koma zimene zandilembetsa izi ndi za Lachisanu. Ndikuyeserera Chopin m'holo masana, pawindo panaima agogo ena achisena oimba ulimba (chida cha timatabwa chimene anthu angapo amamenya pamodzi, wina kumunsi kwa mawu aakulu, wina kumtunda kwa mawu aang'ono), amene anthu amawaitana kumaliro ndi kuzisangalalo. Anamvetsera kawiri konse osanena kanthu. Kachitatu akuti, "Aphunzitsi, dzanja lamanzerelo mukulilola bwanji kuthamangira linzake? Ife pa ulimba wa kumunsi sagwedezeka, wa kumtunda ndi amene amayendayenda." Ndinati, "Agogo, tabwerezani." Anabwereza uku akugogoda ndodo yawo pansi kundipatsa mayendedwe. Thupi lonse linachita tsemwe, chifukwa zomwezo ndi zimene ophunzira a Chopin anasimba kuti ankawaphunzitsa ku Paris, dzanja lamanzere lisunge nthawi, lamanja liimbe momasuka ngati munthu woimba pakamwa. Zimenezi timazitcha rubato, ndinaziwerenga kalekale ndipo ana anga a sukulu ndimawauza, koma zala zanga zinali zisanazimvetse mpaka madzulo amenewo. Chopin anabadwa mu 1810 ku Poland, anamwalira mu 1849 ali ndi zaka 39 zokha, agogowa dzina lake sanalimvepo, koma khutu lawo linagwira pomwe panali vuto. Nchifukwa chake zimandipweteka ndikamva wina akuti nyimbo zimenezi anthu a kumudzi sangazimve.

Tinakhala mpaka mdima, iwo ndodo ine makiyi.

Loweruka magetsi anathima 2 koloko, amakiyibodi n'kukhala pansi, piyano ija ilibe nazo ntchito zamagetsi. Hallelujah anthu anaimirira holo yonse. Pa Nocturne kiyi imodzi inakakamira chakumapeto, ndinaikweza ndi chala chaching'ono n'kupitiriza, ndipo kunali zii, ngakhale ana amene anadzadza m'mawindo. Agogo aja anakhala benchi yachiwiri, ndodo ili pa bondo, chala chikugogoda pang'onopang'ono. Potuluka anandigwira chanza ndi manja awiri n'kunena kuti takhuta, ndipo tapangana kuti Lachitatu likubwerali ndipite kwawo akandikhazike pa ulimba, kumunsi.