Zitsulo zolemera zimachita chani ku magazi?

Semesita ino ku haematology, phunziro la magazi, tafika pa nkhani ya kuundana kwa magazi, ndiye poti madzulo ndimapita ku jimu ndakhala ndikuwerenga za mmene magazi amasinthira munthu akanyamula zitsulo zopepuka ndi akanyamula zolemera kwambiri. Kulemera kwa zitsulozo amayeza ndi 1RM, kulemera kumene ungakweze kamodzi kokha osabwereza. 40% ya 1RM ndi zopepuka, 80% kupita mtsogolo ndiye zolemera zenizeni.

Ukatenga magazi a munthu yemwe wangomaliza ma seti olemera n'kupanga FBC (kuwerenga maselo onse a m'magazi), manambala ambiri amaoneka okwera, Hb (haemoglobin, yonyamula okosijeni m'magazi), haematocrit (gawo la magazi lomwe ndi maselo ofiira), zonse. Koma sikuti thupi lapanga maselo ofiira atsopano mu ola limodzi ayi, amenewo amatenga masiku kuti akhwime m'mafupa ndipo amakhala masiku pafupifupi 120. Chomwe chachitika n'chakuti madzi a m'magazi, plasma, atuluka m'mitsempha n'kulowa mu minofu, ena apita ndi thukuta, ndiye magazi otsalawo alimba ngati phala loti madzi aphwera pamoto. Kutupa kwa mikono kumene anyamata amajambulira pagalasi kuja ndi madzi omwewo. Mchaka cha 1974 Dill ndi Costill anatulutsa fomyula yowerengera kuti plasma yachepa bwanji pogwiritsa ntchito Hb ndi haematocrit, ndipo kwa ine pepala la kafukufuku lomwe silinakonze manambala ake ndi fomyula ngati imeneyi ndimaliwerenga mokayika.

Madziwo amakankhidwa ndi BP, ndipo BP yake si yamasewera. MacDougall ndi anzake ku McMaster University, Canada, mu 1985 anayeza BP ya anthu akupanga leg press (kukankha zitsulo ndi miyendo) yolemera, ya mmodzi inafika 480/350. Ndi kwa masekondi ochepa inde, makamaka munthu akabana mpweya pokankha, komabe eish.

Ndiye pali zina zomwe zimakweradi ngakhale utachotsera nkhani ya madzi ija. Ma platelet, timaselo tothandiza magazi kuundana, mwa munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 150,000 ndi 450,000 pa microlitre, koma pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu amakhala osungidwa mu kapamba, yemwe uja amatupa ana akamadwala malungo pafupipafupi. Adrenaline, homoni yomwe imatuluka thupi likapanikizika, ikakwera kapamba amafinyika n'kuwatulutsa, ndipo chitsulo chikamalemera adrenaline amachulukanso. Maselo oyera, oteteza thupi ku matenda, nawo chimodzimodzi, mtundu wa ma lymphocyte makamaka ma NK cell (natural killer) amakhamukira m'magazi nthawi ya masewerawo kenako pakatha ola limodzi kapena awiri amatsika mpaka kupitirira pomwe anali, pomwe mtundu wina, ma neutrophil, amakwera mochedwa chifukwa homoni ya cortisol imawatulutsa m'mafupa. Kale ankati kutsika kwa ma lymphocyte kukutanthauza kuti chitetezo chafooka, koma Campbell ndi Turner mu 2018 anatsutsa, akuti maselowo sanafe, angopita kukalondera ku mapapo ndi m'matumbo. Ine ndikugwirizana nawo.

Pa kuundana penipeni ndipomwe ndakhalitsa. Masewera olimba amakweza factor VIII ndi von Willebrand factor, mapuloteni othandiza magazi kuundana, ndiye aPTT, muyezo wa nthawi yomwe magazi amatenga kuti aundane, imafupika, kutanthauza kuti magazi akuundana msanga, pomwe PT, muyezo wina wa nthawi yomweyo, sisintha kwenikweni. Nthawi yomweyo mitsempha imatulutsa tPA yomwe ntchito yake ndi kusungunula magazi oundana. Mbali ziwiri zonse zimadzuka limodzi, nchifukwa chake mnyamata wathanzi sagwa ku jimu. Vuto ndi nthawi yake, tPA imatha m'magazi mu mphindi zochepa koma factor VIII amakhalabe pamwamba kwa maola, ndiye pamakhala kanthawi komwe mbali youndanitsa yatsala yokha. Kwa bambo wazaka 50 wa BP ndi shuga, wosuta, yemwe sanazolowere n'kungodzuka tsiku limodzi kukalimbana ndi zitsulo za anyamata, kanthawi kameneko si kabwino. Yemwe amachita masewera nthawi zonse thupi lake silidzidzimuka chonchi, ngakhale ma platelet ake samatirirana msanga ngati a munthu wongokhala.

Komanso kulemera pakokha sikufotokoza zonse. Zopepuka ukazibwereza mpaka mkono kukana, kupuma pang'ono pokha pakati pa ma seti, nazonso zimasuntha madzi ambiri ndithu, ndiye poyerekeza 40% ndi 80% uyenera kuona kaye ngati ntchito yonse inali yofanana.

Ku lab ndiye ndi funso losavuta. Mnyamata akabwera ndi maselo oyera okwera pang'ono, AST ndi CK (ma enzyme omwe amakwera minofu ikavulala, AST imakweranso chiwindi chikadwala) zili mmwamba koma alibe kutentha thupi, tisanathamangire kuti ndi infekishoni kapena chiwindi timufunse ngati dzulo ananyamula zitsulo, ndipo ngati n'kotheka apume masiku angapo tiyezenso. Koma akanena kuti mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka minofu ikuwawa kwambiri, ameneyo asadikire, ikhoza kukhala rhabdomyolysis, kuwonongeka kwakukulu kwa minofu, ndipo impso zili pangozi.